Mafunso ndi Mayankho: Oletsa Nkhondo za Magulu a Zigawenga ndi Olandira Otuluka M'ndende

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za anthu wamba amene amalowa pakati pa anyamata ofuna kuphana, komanso za ena amene amakadikirira munthu pa geti la ndende tsiku lake lotuluka. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo mafunso ena tawafupikitsa.

Ndinamva pa wailesi kuti ku America kuli mabungwe amene amalemba ntchito anthu oti anakhalapo m'ndende kuti aziletsa achinyamata kuomberana. Kodi kumeneku si kupatsa fisi ntchito yolondera khola? Amachita chiyani kwenikweni?
*Bambo wa ku Zingwangwa, Blantyre*

Bambo, mantha anuwo apolisi ambiri a ku Chicago anali nawonso. Njirayi inayambira kumeneko m'chaka cha 2000, m'dera la West Garfield Park. Poyamba inkatchedwa CeaseFire, lero dzina lake ndi Cure Violence. Anaiyambitsa ndi dokotala wa miliri, Gary Slutkin, amene analimbanapo ndi TB ndi kolera ku Somalia, kenako Edzi ku Uganda. Atabwerera kwawo anayang'ana mapu a malo amene anthu ankaomberana, n'kuona kuti akufanana ndi mapu a kolera. Vuto limaunjikana m'misewu yowerengeka, ndipo mmodzi amapatsira mnzake. Munthu akaomberedwa lero, anzake amafuna kubwezera sabata isanathe, obwezeredwawo nawonso n'kubwezera. Ntchito yonse yagona pa kudula chingwe chimenechi.

Ogwira ntchito alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi olowa pakati. Awa amayenda m'dera kuyambira madzulo mpaka usiku kwambiri, makamaka kumapeto a sabata, kumvetsera amene wakangana ndi mnzake. Mfuti ikalira, wina amathamangira kuchipatala, chifukwa pakhomo pa chipatala m'pamene abale ndi anzake a wovulala amapangana zobwezera. Wina amapita kwa oganiziridwawo. Sauza munthu kuti asiye chamba kapena alape. Chimene amafuna n'chakuti usiku umenewo udutse. Wopsa mtima kwambiri amamukweza m'galimoto n'kupita naye kutali kukadya, amamuitanira mayi ake kapena malume, ndipo ngati mkangano ndi wa ngongole amakonza kuti ibwezedwe pang'onopang'ono. Chovuta kwambiri ndi manyazi. Anyamata ambiri safuna kupha kapena kuphedwa, koma akaleka anzawo amawatcha amantha. Wolowa pakati amamupatsa chonena: ndasiya chifukwa mkulu uja wandipempha. Mawu amenewa amamveka ngati mkuluyo ndi munthu amene mumsewu amamudziwa kuti anadutsamo. M'busa kapena mphunzitsi amene sanagonepo m'selo anganene zomwezo, koma anyamatawo sangamumvere.

Achiwiri ndi alangizi. Aliyense amatenga achinyamata pafupifupi 15 okha, ndipo satola aliyense. Pali zizindikiro zisanu ndi ziwiri: zaka 16 mpaka 25, kukhala m'gulu, kunyamula chida, kutuluka kumene m'ndende, kuomberedwa posachedwa, mbiri ya milandu yovulaza anthu, ndi geni yoopsa ya mumsewu. Woyenera kutengedwa akhale ndi zinayi mwa zimenezi. Mabungwe ambiri amalakwitsa pamenepa: amadzaza holo ndi ana osavuta, chifukwa ndiwo amabwera okha, pamene amene akugwira mfuti ali panja. Ofufuza a ku Boston m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti magulu 61 okhala ndi anyamata pafupifupi 1,300, osakwana n'komwe mmodzi pa achinyamata 100 alionse a mumzindawo, ndiwo ankakhudzidwa ndi imfa 60 mwa 100 zilizonse za achinyamata ophedwa. Ukaphonya ochepawa, waphonya ntchito yonse.

Chachitatu chimachitidwa ndi dera lonse. Pasanathe maola 72 munthu ataomberedwa, anthu amasonkhana pamalo pomwepo, amayi, amipingo, ogulitsa m'mashopu, kuti woomberayo aone kuti akwawo sanasangalale nazo.

Tsono za fisi ndi khola. Zimachitika ndithu kuti wogwira ntchito wabwerera ku zakale, ndipo ena amangidwapo. N'chifukwa chake polemba ntchito pamakhala komiti ya anthu a m'dera, amayezedwa ngati akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndipo amakhala ndi wowayang'anira tsiku ndi tsiku. Lamulo lina limene apolisi sakondwera nalo n'lakuti ogwira ntchitowa sapereka maina kupolisi. Akangochita zimenezo kamodzi palibe adzawauzenso kanthu, ndipo moyo wawo uli pachiswe. Ngakhale popanda zimenezo ntchitoyi ndi yoika moyo pa ngozi: ku Baltimore ogwira ntchito atatu a pologalamu ya Safe Streets anaphedwa ndi mfuti pakati pa Januwale 2021 ndi Januwale 2022.

Zotsatira zake n'zosiyanasiyana, ndipo tisakunamizeni. Ku West Garfield Park kuomberana kunatsika ndi 67 peresenti m'chaka choyamba. Ku Pittsburgh pologalamu yofanana nayo itaunikidwa mu 2010 sinaoneke kuti yachepetsa imfa. Kusiyana kwake kumagona pa kusankha anthu oyenera, kuwayang'anira, ndi ndalama zosadukiza. Mu 2007 boma la Illinois litadula ndalama, malo ambiri a CeaseFire anatsekedwa, ndipo chikhulupiriro chimene chinatenga zaka kuti chimangidwe chinayenera kuyambidwanso.

Ndimakhala ku Vrygrond ku Cape Town. Mwana wanga wa zaka 14 wabwera ndi nsapato zatsopano ndi foni zimene sindinamugulire, ndipo akumafika usiku. Ndimutumize kumudzi?
*Mayi wa kwa T/A Malemia, Zomba, wokhala ku Cape Town*

Mayi, mwachita bwino kufunsa msanga. M'madera a Cape Flats, monga Lavender Hill amene mwayandikana naye, Hanover Park ndi Manenberg, magulu ngati Americans, Hard Livings ndi Junky Funky Kids ndi a kalekale. Anakula boma la tsankho litasamutsa anthu mokakamiza, kuphatikizapo oposa 60,000 a ku District Six, dera limene linalengezedwa kuti ndi la azungu okha mu 1966. Magulu amenewa amafuna ana chifukwa lamulo limawapeputsira: ku South Africa mwana wosakwana zaka 12 sazengedwa mlandu, ndipo wa zaka 12 kapena 13 boma liyenera kutsimikizira kaye kuti ankadziwa chimene ankachita. Mwana amayamba ndi kuima pakona kuyang'ana galimoto ya apolisi, kenako kunyamula kaphukusi ka mankhwala ozunguza bongo otchedwa tik, kenako kusunga mfuti. Nsapato ndi foniyo ndi ngongole imene idzafunsidwa.

Pali zinthu zitatu zoti musachite. Musapite nokha kukakalipira amene anamupatsa. Musataye kapena kuotcha chilichonse chimene mwapeza kuti akusungira ena, chifukwa katunduyo akasowa adzalipira ndi mwanayo. Funsani kaye wazachisamaliro cha anthu. Ndipo musamumenye n'kumuthamangitsa, popeza nyumba imene idzamulandira usiku umenewo ndi ya gululo.

Mufunseni muli awiri, mosakweza mawu, kuti wapatsidwa ntchito yanji ndipo ali ndi ngongole ya zingati. Yankho lake ndilo likuuzeni kuti walowa mpaka pati. Pitani kusukulu mukaone kaundula, muone masiku amene wajomba ndi maola ake. Maola oopsa ndi kuyambira poweruka mpaka inu mutabwera kuntchito, choncho pezani woti azikhala naye nthawi imeneyo: timu ya mpira, kwaya, madrasa, kapena mnansi amene mumamukhulupirira. M'madera ambiri muli amayi ndi abambo odzipereka amene amaperekeza ana wapansi popita ndi pobwera kusukulu. Ntchito imeneyi amaitcha walking bus. Childline imayankha pa 116 mwaulere. Akagwidwa ndi mlandu, lamulo la Child Justice Act la 2008 limalola kuti mwana apatutsidwe kukhoti n'kulowa maphunziro osintha khalidwe, ndipo bungwe la NICRO, limene linayamba mu 1910, ndi limodzi mwa oyendetsa maphunzirowa. Kupatutsidwa kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa m'ndende monga Pollsmoor muli magulu a 26, 27 ndi 28, ndipo wolowamo kutuluka kwake n'kovuta. Za mapepala musaope kufika kusukulu: khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa zikalata.

Kumutumiza kumudzi kumathandiza ngati sanalumbire m'gulu ndiponso ngati kumudziko kuli munthu wamkulu wamphamvu zake woti amuyang'anire. Tengani malipoti ake ndi kalata yosamukira, malo a sukulu apezeke asananyamuke, ndipo tsiku la ulendo lisadziwike kwa anzake. Zimakanika mwana akangotulidwa kwa agogo okalamba popanda ndalama, Chichewa chake chili chopereweza, iye n'kumaona ngati wataidwa. Wotereyu amabwerera yekha ndi matransipota, ndipo pofika sakhalanso wanu.

Mukamva anthu akuti tiyeni tithane nawo tokha, kumbukirani PAGAD, bungwe la anthu wamba la ku Cape Town lolimbana ndi zigawenga ndi mankhwala ozunguza bongo. Mu Ogasiti 1996 khamu lake linaombera ndi kuotcha Rashaad Staggie, mtsogoleri wa Hard Livings, ku Salt River. Gulu la Hard Livings silinathe. M'bale wake Rashied anapitiriza kulitsogolera, ndipo naye anadzaphedwa ndi mfuti mu Disembala 2019. Asilikali anatumizidwa ku Cape Flats mu Julayi 2019, n'kudzachoka magulu akadalipo. Amene atsala akugwira ntchito mwakachetechete ndi anthu ngati a First Community Resource Centre ku Hanover Park, amene, motsogozedwa ndi M'busa Craven Engel, anatengera njira ya ku Chicago ija.

Mkhristu mnzathu akutuluka ku Maula miyezi itatu ikubwerayi atakhalako zaka zisanu ndi ziwiri pa mlandu wovulaza munthu. Komiti yathu ya pampingo ikufuna kumulandira. Tiyambire pati?
*Mlembi wa komiti, Mponela*

Alembi, miyezi itatuyo ndiyo ntchito yeniyeni, phwando la tsiku lotuluka n'laling'ono. Yambani ndi kutsimikiza tsiku ku ofesi ya ndende, chifukwa wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, ndipo mabanja ambiri amawerengera molakwika. Kenako anthu awiri apite kukamuona, amufunse yekha kumene akufuna kukakhala, amene akumuopa, mankhwala amene akumwa, ndi luso limene waphunzira. Musamukonzere moyo iye kulibe.

Ulendo wachiwiri ndi wa kwa amfumu, wachitatu ndi wa ku banja la wovulazidwa. Umenewu ndi umene makomiti amauzemba, chonsecho ndi umene umateteza moyo wa munthu. Pitani ndi nkhoswa kapena nduna ya amfumu. Musakapemphe kuti akhululuke. Kauzeni kuti akutuluka tsiku lakuti, ndipo mumve chimene akufuna. Ena amafuna chipepeso, ena amangofuna kuti asamadutse pakhomo pawo, ndipo zonsezi n'zomveka. Kuno kwathu njirayi inayesedwa pa milandu yoopsa kuposa iyi. Khoti litagamula pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 kuti chilango cha imfa chisamakhale chokakamiza pa mlandu wakupha, makhoti anayamba kumvanso milandu ya anthuwo mu 2015, ndipo oposa 100 anatuluka. A bungwe la PASI, lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, ankatsogola kumidzi kukalankhula ndi mafumu ndi mabanja onse awiri munthu asanafike. Ambiri analandiridwa mwamtendere, ena atakhala m'ndende zaka zoposa 20.

Fufuzaninso zimene zasintha pakhomo. Munda wake akulima ndani? Mkazi wake adakali pabanja? Nyumba ilipo? Ngati nkhani ndi yowawa, aimve adakali mkati kuchokera kwa munthu amene amamukhulupirira, osati aione ndi maso madzulo a tsiku loyamba anthu akuonerera. Nkhani ya munda ikambidwe kwa amfumu asanafike.

Tsiku lotuluka pakhale munthu pa geti m'mawa, ali ndi zovala, nsapato ndi ndalama ya basi. Asachoke popanda kalata yotulukira, buku lake la kuchipatala, ndi kalata yosamutsira ngati akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB. Ndende zathu zimasunga anthu ochuluka kuposa malo ake. Khoti linanena kale zimenezi pa mlandu wa Masangano mu 2009, n'kupatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikana ndi theka, koma vutoli lidakalipo. M'malo otere TB imafala. Mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wodukiza amatha kudwala TB yosamva mankhwala n'kupatsira ana a m'nyumba. Ngakhale akuoneka wathanzi, sabata yoyamba akayezetse makhololo ndi magazi. Sabata yomweyo mupite naye ku ofesi ya NRB ngati chiphaso cha unzika alibe kapena chinatha ntchito. Popanda chiphasochi sangalembetse nambala ya foni, Mpamba kapena Airtel Money, ndipo maganyu ena amalipira pa foni.

Masabata awiri oyambirira ndiwo oopsa. Kafukufuku wa m'boma la Washington ku America, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti m'masabata awiri amenewa otuluka m'ndende ankamwalira kuwirikiza ka 12 ndi kupitirira poyerekeza ndi anthu ena, makamaka chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo. Thupi limakhala litaiwala muyeso wakale. Kwathu kuno choopsa ndi kachasu wa anzake omulandira. Pakhale munthu mmodzi, wamwamuna mnzake wokhwima maganizo, womuona tsiku lililonse m'masabata awiriwo, kenako kawiri pa sabata mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Musadabwe akamadzuka usiku, kudya mothamanga, kukhala chotsamira khoma, kapena kudikira kuti wina amuuze chochita. Zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akuuzidwa ndi nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, nthawi yogona ndi yodzuka. Zimatha pang'onopang'ono, koma akayamba kulankhula zodzipha kapena kusiya kudya, thamangirani naye kuchipatala.

Za mpamba, musamupatse ndalama zonse m'manja tsiku limodzi. Si kuti ndi wakuba. Abale onse amene anamuthandiza adzabwera ndi mavuto awo, ndipo iye sangakane. Gulani zipangizo. Wa ukalipentala amuyambire ndi sowo, pulena, hamala, tchizulo, sikweya ndi tepi, pamodzi ndi matabwa a ntchito ziwiri zoyamba. Wa utelala, makina apamanja kapena opalasa, sizasi ndi nsalu. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kusowa oda. Mpingo ukhale kasitomala woyamba: mabenchi, mayunifolomu a kwaya, kukonza zitseko, ndipo muzimulipira mtengo weniweni pa nthawi yake. Chakudya cha miyezi itatu chikhalepo kuti asagulitse pulena chifukwa cha ufa. Akatuluka nthawi ya dzinja itadutsa, muwerengere mpaka kukolola kwa chaka chotsatira. Ngati luso alibe, funsani a Prison Fellowship Malawi, amene ali ndi nyumba yophunzitsira ntchito zamanja ku Balaka yokonzekeretsa akaidi kubwerera kwawo.

Chomaliza, gwirizanani ndi amfumu ndi apolisi akumudzi za tsiku limene mbuzi idzasowe m'mudzi, pakuti idzasowa ndithu, ndipo chala choyamba chidzaloza iye. Pakhale mgwirizano woti akaganiziridwa afunsidwe pamaso pa amfumu ndi womuyang'anira uja, osati ndi khamu.

Ndili ndi shopu yowotcherera zitsulo. Mnyamata wina wotuluka ku Chichiri akufuna ntchito, koma ali ndi zolembalemba m'manja ndi m'khosi, ndipo makasitomala anga angathawe. Nditani?
*Mwini shopu, Ndirande*

Bwana, vuto lanulo ndi limene linabala bungwe la Homeboy Industries ku Los Angeles. Wansembe wa chiJesuit, Greg Boyle, anali pa parishi ya Dolores Mission ku Boyle Heights. Mu 1988 iye ndi akhristu a pamenepo anayamba kusakira ntchito anyamata a m'magulu, koma mabwana ankakana. Mu 1992 anatsegula bekale yawoyawo, momwe adani ankakanda ufa patebulo limodzi. Lero munthu amakhala pa pologalamu yawo miyezi 18 akulandira malipiro, uphungu ndi maphunziro, ndipo amafufuta zolemba pathupi mwaulere ndi makina a laser. Kufufutako kumafuna maulendo ambiri, motalikirana masabata angapo, ndipo inki yakuda ndi imene imachoka msanga. Mnyamata wanuyo asayese asidi, mpeni wamoto kapena madzi a batire. Chimatsala ndi chipsera choipa kuposa cholembacho. Ovolosi ya manja aatali, imene wowotcherera ayenera kuvala kale, ikwanira.

Mulembeni moyesa kwa miyezi itatu, ndipo zonse zilembedwe: nthawi yofika, malipiro, tsiku lolandira. Muzimulipira pa sabata poyamba, chifukwa mwezi ndi wautali kwa munthu wopanda kalikonse. Zipangizo ziziwerengedwa madzulo alionse ndi antchito onse, osati iye yekha, kuti galainda ikasowa pasakhale kuloza mwachisawawa. Ku nyumba za makasitomala azipita ndi inu kufikira atazolowereka. Mlandu wake muudziwe inu, koma si nkhani youza aliyense wobwera kudzagula geti. Adzachedwa kapena kujomba kamodzi kapena kawiri. Gwirizanani pasadakhale kuti kangati n'kokwanira. A Homeboy okha amalandiranso munthu amene anagwa n'kubwerera, koma amafuna kuti abwere atasiya mankhwala. Inu ndi wabizinesi, simungapirire ngati bungwe, choncho pakhale m'bale kapena wa kumpingo woti muzimuimbira zinthu zikayamba kupotoka.

Ife aneba a m'dera lathu tatopa ndi anyamata a zikwanje komanso ana ogona m'misewu amene akulanda mafoni. Tikawagwira n'kuwapereka, mawa timawaona ali panja. Tizingowalanga tokha?
*Wapampando wa aneba, Lilongwe*

Ayi, apampando. Munthu wamba amaloledwa kugwira amene wapalamula mlandu waukulu, koma ayenera kumupereka kupolisi mosachedwa. Kumenya ndi mlandu, ndipo akafera m'manja mwanu onse amene anatengapo mbali amayankha mlandu wakupha. Kumuona panja mawa lake nthawi zambiri ndi belo, imene ndi ufulu wake ndipo kupolisi ndi yaulere. Malamulo amafunanso kuti womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48. Milandu yambiri imafa chifukwa wodandaula ndi mboni sabwera kukhoti. Choncho khalani ndi buku: tsiku, nthawi, malo, chimene chalandidwa, amene anaona, dzina la wapolisi amene walandira. Sankhani munthu mmodzi wotsatira masiku a khoti ndi kukumbutsa mboni. Musagwire munthu chifukwa choti wapezeka akuyenda usiku. Khoti linathetsa ndime ya lamulo la vakabu imene inkalola zimenezi pa mlandu wa Gwanda mu 2017.

Ana ndi nkhani ina. Wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kupatutsa milandu ing'onoing'ono. Kumbuyo kwa ana olanda mafoni kumakhala wamkulu amene amagula mafoniwo ndi kuwagulitsa chamba kapena guluu. Buku lanu likalozera kwa ameneyo, apolisi ali ndi pogwira. Anawo alumikizeni ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, kapena mabungwe monga Tikondane ndi Chisomo Children's Club, amene ntchito yawo ndi kufufuza kwawo kwa mwana ndi kumubwezera. Pa gulu lanu muikepo amayi awiri kapena atatu odziwika m'dera. Mwana amene amathawa chibonga amaima akaitanidwa ndi dzina ndi mayi amene amadziwa agogo ake.

Khonsolo yathu ikufuna kupereka mphoto kwa anthu odzipereka pa ntchito zoterezi. Tisankhe bwanji, ndipo tiwapatse chiyani?
*Khansala, chigawo chapakati*

Akhansala, maganizo ndi abwino, koma mphoto ikaperekedwa molakwika imaononga ntchito yomwe ikuyamikidwayo. Kunja kuli zitsanzo zazikulu: Homeboy Industries inalandira Hilton Humanitarian Prize mu 2020, ya madola 2.5 miliyoni, ndipo Greg Boyle anapatsidwa Presidential Medal of Freedom mu 2024. Koma bungwe lomweli mu 2010, lili lotchuka kale, linachotsa antchito oposa 300 chifukwa ndalama zinatha. Kutchuka sikulipira lendi.

Posankha musadalire makalata odzilembera okha, chifukwa olemba bwino malipoti si amene amadzuka usiku. Funsani magulu anayi paokhapaokha: amfumu kapena mabuloko lida, anamwino a pachipatala chaching'ono amene amasoka mabala, otuluka m'ndende eni ake, ndi mabanja a ovulazidwa. Dzina limene latuluka m'magulu atatu ndilo lenileni. Kenako pemphani umboni wowerengeka: mikangano ingati inakambidwa chaka chino, mwa anthu amene analandiridwa ndi angati adakali panja patatha miyezi 12, angati akugwirabe ntchito patatha miyezi isanu ndi umodzi, angati sanadukize mankhwala. Wokuuzani kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera m'ndende mumukayikire. Mwina amasankha osavuta okhaokha, mwina sawatsatira.

Funsani wolandirayo ngati akufuna kutchulidwa pagulu. Wolowa pakati pa magulu akajambulidwa akugwirana chanza ndi mkulu wa polisi, mawa lake anyamata amati ndi kazitape. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Otuluka m'ndende musawaimike kutsogolo kuti anene milandu yawo pa chimkuzamawu, pokhapokha atafuna okha, ndipo ana asajambulidwe n'komwe. Musapereke mphoto kwa mtsogoleri wa gulu chifukwa walengeza kuti asiya kumenyana. Boyle anayesapo mapangano a mtendere pakati pa magulu kumayambiriro, kenako anasiya, ataona kuti zimakweza gululo; anasankha kumagwira ntchito ndi munthu payekha. Ku Manenberg mu 2020, nthawi ya Covid-19, magulu odana ananyamulira limodzi chakudya kukagawa m'makomo, dziko lonse linaonera, koma mfuti zinayambanso kulira. Ndipo mwambowo usakhale wa chipani, usachitike nyengo ya kampeni. Ogwira ntchitozi amalowa m'nyumba za anthu a zipani zonse.

Chopereka chikhale chogwira ntchito. Satifiketi ndi nsalu n'zabwino, koma pa ndalama 10 zilizonse zimene mwakonza, zosachepera 8 zipite kwa anthuwo, osati ku mahema ndi zakumwa. Njinga yokhala ndi zida zokonzera, mayunitsi a foni a mwezi ndi mwezi, tochi ndi majombo, ndalama ya basi yokatengera munthu pa geti la ndende, malo a pamsika awiri kapena atatu osungidwira otuluka kumene, ndi oda ya madesiki a sukulu kwa akalipentala awo. Ndalama muzigawe m'miyezi 12, zilembedwe mu bajeti ya khonsolo kuti zisathe inu mukachoka pampando. Muikeponso kathumba ka chipatala ndi maliro, ndi munthu wodziwa uphungu woti azikumana nawo kamodzi pa mwezi, chifukwa amene amanyamula ovulala ndi kukhala pa maliro a ana amene ankawalangiza amatopa mumtima, ndipo ena amasiya ntchitoyi popanda wowafunsa chifukwa chake.